Ola Lomwe Everson Adagula

Everson Kamzimbi adali munthu wonyada, ndipo tisamunamizire, adali nazo zonyadira. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri adayendetsa galimoto za banja lina lolemera ku Al Messila, mu Doha, osakandako utoto ngakhale kamodzi, mumzinda momwe aliyense amathamanga ngati wamva uthenga wa maliro. Kwawo ku Chamama, m'boma la Kasungu, adali atawamangira mayi ake nyumba ya malata ya zipinda zitatu. Malaya ankasita yekha, nsapato ankapukuta yekha, ndipo padalibe Mmalawi kapena Mzambia mu Doha yemwe akadaimirira n'kunena kuti Everson adandipemphapo kanthu. Chimodzi chokha ndicho chidamukanika mwamunayu, thupi lake.

Adatsika ndege ali ndi thupi la munthu wamba, lamba akuchita kuboola bowo lina kuti thalauza lisagwe. Pofika chaka cha mliri wa Kovidi, sikelo inkanena makilogalamu 146. Mpando wa galimoto adaukankhira kumbuyo mpaka udakana, ndipo pomanga zingwe za nsapato ankayamba wakoka mpweya. Kumudzi akaona zithunzi zake ankangoti Mulungu wamukumbuka mwana wa a Felister, taonani khosilo. Naye Everson ankavomereza, poti kwathu kunenepa ndi umboni woti munthu akudya za thukuta lake.

Mu Epulo 2021 nthenda ija idamupeza. Adagona m'chipatala masiku khumi ndi limodzi chafufumimba, paipi ya mpweya ili m'mphuno, akuona anzake owonda omwe adalowa nawo tsiku limodzi akutuluka mmodzimmodzi. Dokotala yemwe adamutulutsa sadapite m'mbali. Adati shuga wakwera, magazi akuthamanga, mtima ukugwira ntchito ya anthu awiri, ndipo ngati akufuna kudzaona zaka makumi asanu avomere opaleshoni yochepetsa chifu. Everson adali ndi zaka 34. Adavomera tsiku lomwelo, chifukwa mantha omwe adamva pabedi paja sadafune kudzawamvanso.

Mzere wa opaleshoniyo udali wautali chifukwa cha mliri, ndipo adadikira miyezi isanu. Chakumapeto kwa Seputembala adamuimbira foni kuti munthu wina wabwerera m'mbuyo, malo apezeka mwezi wa mawa. Mapepala ake onse adali m'malo, a magazi, a mtima, a katswiri wa zakudya, kupatula limodzi. Pankafunika kalata ya katswiri wa za maganizo yonena kuti munthuyu wakonzeka kukhala ndi kachifu kakang'ono moyo wake wonse. Katswiri wa pachipatalapo adali ndi mzere wakewake wa miyezi inayi. Adamuuza Everson kuti akafuna msanga akaonane ndi wapulayiveti, abwere ndi kalatayo pasanathe milungu iwiri, kupanda kutero malo apatsidwa kwa wina ndipo iye abwerera kumchira.

Adaimba foni ku kachipatala kena komwe adamulozera. Mtsikana wa pa desiki adatchula mtengo mopanda kuphethira: mariyali 800, ola limodzi. Everson adamupempha kuti abwereze, akuyesa foni ndiyo yalakwa. Imeneyo idali ndalama yopitirira theka la malipiro ake a pamwezi. Chidamuwawa kwambiri si kuchuluka kokha. Akadati amubaya jekeseni kapena amujambula m'kati ndi makina, akadamvetsa. Koma mariyali 800 kuti akakhale pampando n'kumacheza ndi munthu, chinthu chomwe ku Chamama amachita ulere pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, zidamukhala pakhosi.

Mayi wa panyumba yomwe ankagwira ntchito, yemwe antchito onse ankangomutchula kuti Madamu, atamva adati imeneyo si nkhani, alipira ndi iye. Adangowonjezera kamawu kamodzi, koti Everson asayine kontirakiti ya zaka zina ziwiri. Kale kamawuko sikakadafunika n'komwe, chifukwa wantchito sankatha kusintha bwana popanda chilolezo cha bwanayo. Koma lamulo lidali litasintha chaka chathacho, ndipo madalaivala abwino ankangosamuka, ena ku mahotela, ena ku mabasi. Madamu sadali munthu woipa, ankangodziwa mtengo wa dalaivala wosakanda utoto. Everson adathokoza manja ali kumbuyo, nati akaganiza kaye. Mumtima adali atayankha kalekale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mimba idali yake. Sadafune kuti tsiku lina munthu adzamuloze n'kunena kuti chifu icho ndidagula ndine.

Adalipira yekha. Adasiya foni yatsopano yomwe ankailakalaka chaka chonse, ya feteleza wa mayi ake sadaikhudze, ndipo ndalama ya ulendo umodzi idakwana. Ya ulendo wachiwiri padalibe.

Lachisanu masana, tsiku lake lopuma, adapita ku Al Mansoura kwa mnzake Lemmy Sakala, mlonda wa ku Zambia, wobadwira ku Katete koma wokulira mu Lusaka. Lemmy ankagona m'chipinda cha mabedi asanu ndi limodzi pamwamba pa lesitilanti ya Amwenye, ndipo pakati pa Amalawi ndi Azambia a kumeneko adali ngati loya. Munthu akafuna kukayezedwa kuti apeze visa, kapena kukaonana ndi bwana watsopano, ankayamba wadzera kwa Lemmy.

“Eight hundred?” adatero Lemmy, akutsitsa masiki kuti mawu amveke bwino. “A Everson, manje imwe mwagula interview. Mvetserani. Uyo ni dokotala wa anthu amisala, ntchito yake ni kufuna fault. Mukangomupatsa ka-fault kamodzi chabe, khalas, kwatha, alemba unfit. Ndipo pepala ija siithera kwa iye. Imayenda. Mawa mufuna ku-changer sponsor, a HR aiona.”

“Ndiye ndikanene chiyani, akulu?”

“Mawu atatu chabe. Fine madam, no madam, no problem madam. Mumagona bwino? Fine. Mumaganiza maningi? No. Mukakhumudwa mumadya? No problem. Ma-medical a mu Gulf sitilankhula, a Everson. Ine ninapasa ku Dubai nili na malungo m'thupi, dokotala mpaka ananigwira chanza.”

Tisamuseke Lemmy, nzeru yakeyo idali itapulumutsa anthu ambiri. Aliyense wodzagwira ntchito kuno amaphunzira msanga kuti pamaso pa munthu wa fomu ndi cholembera, kudandaula n'kudzigulira tikiti ya ndege. Nzeruyo idagwera pa nthaka yolimalima, poti kwawo kwa Everson munthu ngakhale ali pamphasa ukamufunsa amati ndadzuka bwinoko, kaya inu. Masana onsewo awiriwo adayeserera, Lemmy ali dokotala pabedi la m'mwamba, Everson akuyankha ali pa la m'munsi, mpaka mayankho adayamba kutuluka okha.

Lachiwiri, nthawi ya 10 koloko m'mawa, Everson adafika pakachipatala kaja atavala malaya oyera osita bwino. Pakhomo adaonetsa mlonda chizindikiro chobiriwira cha pa foni chosonyeza kuti alibe Kovidi, adakwera kuchipinda chachitatu cha m'mwamba, adalipira pa desiki osayang'ana kumbali, ndipo adalowa. Katswiriyo adali Dokotala Amina, mayi wamfupi wa ku Sudan, wa zaka za m'ma 50, atavala mpango wabuluu ndi magalasi omwe ankachita nthunzi chifukwa cha masiki. Jasi loyera adalibe. M'chipindamo mudali mipando iwiri, tebulo laling'ono ndi wotchi yapakhoma. Dokotala adayamba n'kufotokoza zina ndi zina, koma Everson sadamve n'chimodzi chomwe, mutu udali kubwereza mawu atatu aja. Ankayankhulana m'Chingerezi, cha mayiyo chochokera ku Khartoum, cha Everson chochokera ku sekondale yoyendera ya ku Chamama, ndipo ankamvana bwinobwino.

“Mumagona bwanji, bambo Kamzimbi?”

“Fine, madam.”

“Munakhala m'chipatala masiku khumi ndi limodzi. Zimakubwererani m'maganizo?”

“No, madam.”

“Pali nthawi yomwe mumapitiriza kudya mutakhuta kale?”

“No problem, madam.”

“Dzulo munadya chiyani, kuyambira m'mawa?”

Apa Everson adatambasula chifuwa, chifukwa funsoli adalikonzekera yekha. Adalakatula ndandanda yonse yomwe katswiri wa zakudya adamupatsa: dzira limodzi lowiritsa, masamba osaphika, kachidutswa ka nkhuku yowotcha, madzi ambiri. Dokotala adagwedeza mutu pang'onopang'ono osalemba kanthu.

Zoona zake n'zakuti panyumba ya Madamu ankaphika ngati tsiku lililonse kuli ukwati. Banja la anthu asanu ndi mmodzi linkazungulira thireyi la mpunga ndi nyama ya nkhosa lokwanira anthu makumi awiri, n'kutola pamwamba pokha, kenako atsikana a kukhitchini ankalinyamula kupita nalo kubini. Binilo lidali pafupi ndi chipinda cha dalaivala. Mwezi woyamba Everson adangoti musataye, ndipatseni ndithandizeko. Zaka zisanu ndi ziwiri pambuyo pake atsikanawo sankafunsanso, ankangogogoda n'kusiya thireyi pakhomo. Iye ankadya mpaka thireyi kuyera, akhute asakhute, nthawi zina thukuta ndi misozi zikutsikira pamodzi. Ngakhale atatuluka m'chipatala adangopumira milungu itatu basi.

Mafunso adapitirira, za abale, za anzake, za ntchito, za ubwana wake, ndipo Everson adawabweza onse bwinobwino ngati goloyi wodziwa ntchito. Mumtima ankasangalala. Ankaona kuti mayiyo wasowa pogwira, ndipo adayamba kale kuganiza momwe akamusimbire Lemmy.

Kenako Dokotala Amina adatseka cholembera n'kuchiika patebulo.

“Bambo Kamzimbi, kalata ija sindingalembe.”

Everson adayesa sadamve bwino. “Ndalakwitsa pati, madamu?”

“Simunalakwitse paliponse, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Sindikunena kuti ndinu odwala. Ndikunena kuti sindinakumane nanu. Munthu amene mwandibweretsera amagona bwino, amadya dzira limodzi, sadandaula kanthu, koma ali ndi makilogalamu 146. Ndikasayina, anzanga adula chifu, koma chomwe chimakutumani kudya chitsala chili chamoyo. Ndaonapo anthu akubwerera kuchipatala pa machira, atang'amba ulusi ndi chakudya. Dzina langa sindingaliike pamenepo. Mukafuna, bwerani sabata yamawa tidzayambirenso.”

Sabata yamawa idatanthauza mariyali ena 800, ndipo Everson adalibe. Idatanthauza kubwerera kwa Madamu mutu uli pansi, cholembera m'manja, kapena kusiya malo aja apite kwa wina. Adamva manyazi, koma adamvanso ukali, ukali wa munthu yemwe wagula chinthu ndi thukuta lake ndipo akuuzidwa kuti atuluke chimanjamanja. Adakweza maso kuyang'ana wotchi yapakhoma ija.

“Madamu, ola langa latha?”

“Kwatsala mphindi khumi.”

“Ndiye tsegulani cholemberacho. Ndalipira ola lathunthu. Koma mundiuze chimodzi. Zomwe ndinene pano zikafika kwa abwana anga? Kapena ku ofesi ya ma visa?”

“Ndinakuuzani poyamba paja, koma ndibwerezanso. Kalata imapita kwa dokotala wa opaleshoni yekha, ndipo imangonena ngati mwakonzeka kapena ayi. Zonena za muno zimatsala muno.”

Safunsa adadya phula. Funso limodzi lomweli akadalifunsa polowa, mphindi makumi asanu zikadapulumuka. Everson adayamba ndi thireyi. Adafotokoza za bini, za kugogoda kwa atsikana, za kudya kopanda njala. Adanena mofulumira, maso ali pa wotchi, ngati munthu wopereka lipoti la ngozi.

“Mukalisiya thireyilo chingachitike n'chiyani?” adafunsa dokotala.

“Sindingathe. Mbale yotsala chakudya imandiyang'ana.”

“Kuyambira liti?”

“Kuyambira 2002.”

Chakacho chidatuluka chokha, iye asadachiitane. Ndipo chitangotuluka, zotsalazo zidatsatira, poti mlandu suwola.

Chidali chaka cha njala yaikulu, adatero. Iye adali ndi zaka khumi ndi zisanu, bambo ake adali atamwalira kale, ndipo pakhomo ankadya mitsitsi ya nthochi ndi gaga akapezeka. Mlongo wake wamng'ono, Dorcas, wa zaka zinayi, adatupa mapazi, tsitsi lidafiira. Kuchipatala chaching'ono cha m'dera lawo ankapereka ufa wa Likuni phala kwa ana otere, paketi imodzi pa milungu iwiri. Ulendo woyamba adapita mayi ake ali ndi mwana kumsana. Ulendo wachiwiri adamutuma iye ndi khadi la Dorcas, mtunda wa maola atatu wapansi. Pobwerera, atafika pamlatho, adaboola pakona pa paketi kuti angolawa. Ufawo udali ndi kashuga. Pomwe ankazindikira, theka lidali litapita, wosaphika womwewo. Adaopa kufika pakhomo ndi paketi yatheka, choncho adaibisa kudzenje la pachulu n'kukanena kuti ufa watha kuchipatala, abwerenso mwezi wamawa. Wotsalawo adakaumaliza yekha m'masiku atatu. Patapita masiku asanu ndi atatu Dorcas adamwalira.

“Ndinadya chakudya cha mwana wodwala, madamu. Sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Ndiye ndikaona anthu akutaya mpunga wokwana mudzi wonse, manja anga amapita okha.”

Adanena zimenezi msana uli chilili, mawu osanjenjemera, ngakhale masiki adali atanyowa. Dokotala Amina sadachite phokoso la chisoni, ndipo Everson adamulemekeza chifukwa cha chimenecho. Mayiyo ankangolemba, tsamba lidadzaza, adatembenuza lina. Muvi wa wotchi utafika pa 11 koloko Everson adaimirira yekha, chifukwa mphindi yomwe sadalipire sadaifune.

“Khalani pansi, bambo Kamzimbi, wotchiyo ndi yanga,” adatero dokotala. “Tsopano ndakumana nanu. Munthu wodziwa chomwe chimamutuma kudya ndingathe kumulembera kalata. Ndilembamo kuti mukatha opaleshoni muzikaonana ndi mlangizi wa kuchipatala chanu mwezi ndi mwezi, ndipo musadzajombe. Koma pafomu pano pali mzere umodzi womwe sindingadzaze ndekha, dzina la munthu amene akudziwa za opaleshoniyi ndipo aima nanu. Kwanu akudziwa?”

“Ayi.”

“Chifukwa?”

Everson adayang'ana pansi koyamba. Adafotokoza kuti kwawo munthu akachoka kunja ataonda msangamsanga, anthu sachita kufunsa. Amangoyang'anizana pamaliro ndi pachitsime n'kutchula matenda aja, ndipo manyazi ake amasenza ndi mayi wobereka. Iye adakonza zoti achite opaleshoni mwakachetechete, asiye kutumiza zithunzi, zakutsogolo adzaziona kutsogolo.

“Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzakhala mutataya makilogalamu makumi anayi kapena kuposa,” adatero dokotala. “Zimenezo sizibisika, ndipo munthu wobisa amabwerera ku mbale. Ndikufuna dzina la munthu amene anakudziwani musananenepe. Amene anakuphunzitsani no problem uja ayi. Mukabwera nalo ndisayina, ndipo simulipiranso kanthu. Za ufa zija ndi zanu, sindikukutumani kuti mukaulule. Ine ndikungofuna adziwe za opaleshoni.”

Everson adatsika mpaka pamalo oimika galimoto. Dzuwa lidali litakwera, mpweya uli wotentha ngati wa m'uvuni wa njerwa. Adaima pamthunzi wa khoma, adachotsa masiki, adayang'ana foni nthawi yaitali. Milungu iwiri ija idali isadathe, koma ankadzidziwa yekha kuti akangolowa m'galimoto saimbanso. Adaimba.

Mayi ake adayankha mochedwa, akupuma mwamphamvu. Adati ali kumunda akusosa, foni idali yomangidwa pansonga ya chitenje. Adapatsana moni monga mwa nthawi zonse, za mvula yomwe ankaiyembekezera, za mbuzi, za odwala a m'mudzi. Kenako Everson adanena za opaleshoni, mosamala, akusankha mawu. Mayiwo adamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndiye akudula m'mimba chifukwa cha kudya?” adafunsa. “Ukudyeranji chomwecho, Evasoni? Kumeneko kuli njala?”

Adali atalumbira pamasitepe kuti za ufa sanena. Koma pakamwa pomwe padatsekuka m'mwamba muja padakana kutsekekanso. Adawauza zonse, mlatho, chulu, bodza lija. Atamaliza ankangomva mphepo ya kumunda ikuwomba mufoni.

“Amayi, mukundimva?”

“Ndikukumva. Ufa unali pakolala ya malaya ako, wina m'mphepete mwa milomo. Unkayesa ndine wakhungu?”

Everson adatsamira khoma. “Munkadziwa?”

“Ndinakutuma ndine.”

“Nanga bwanji simunanene?”

“Ndinene chiyani? Dorcas anali atasiya kumeza iwe usanapite n'komwe. Phala la ulendo woyamba ndinkamuthira m'kamwa likubwerera. Ndinadziwa kuti uyu wapita. Iwe unali utayamba kugwa ukaimirira msanga. Ndikanatenga ufa wa wodwala n'kukuphikira pamaso pa anthu, akanati mayi uyu wapha mwana kuti adyetse wamkulu. Ndiye ndinakutuma wekha, njira ndi yaitali, ndipo mwana wanjala ndimamudziwa. Utabwera ndi ufa pakolala ndinapita kuseri kwa nyumba kukathokoza Mulungu.”

Mawu a mayiwo adasweka pang'ono, kenako adalimbanso.

“Ine ndinkayesa unaiwala, unali mwana. Ndikanadziwa kuti wasenza zimenezi zaka zonsezi ndikanakuuza kalekale. Pamenepo ndalakwa ndine. Iwe sunabe kanthu, mwana wanga. Unadya zomwe ndinakupatsa.”

Everson adalira. Adalira poyera, masana, mwamuna wamkulu wa malaya osita, anthu akudutsa ndi magalimoto awo, ndipo sadatembenukire kukhoma. Chomwe adamva mumtima sichidali chisoni chokha. Adanyadira mayi uja, yemwe sadapite patali ndi sukulu, yemwe adaima pakati pa ana awiri chaka choipa n'kupulumutsa yemwe akadapulumuka, osauza munthu.

“Amayi,” adatero, “ndidzabwera nditaonda kwambiri. Anthu adzayankhula.”

“Ubwere. Ndinakuonapo uli nthiti zokhazokha ndipo sindinakusokoneze ndi wina. Oyankhulawo usiyire ine. Ndiye akufuna dzina langa?”

“Eya, alembe pafomu.”

“Ukalembetse lonse. Osangoti Felister ngati ndine mtsikana wa kwaya.”

Adapukuta nkhope, adavalanso masiki onyowa aja, adaonetsanso foni kwa mlonda n'kukwera. Mtsikana wa pa desiki adamufunsa ngati ali ndi nthawi yoonana ndi dokotala. Iye adati ayi, wangobweretsa dzina. Dokotala adali ndi munthu wina, choncho Everson adadikira pakhonde mphindi makumi anayi ali chiimire, mipando ilipo. Chitseko chitatseguka Dokotala Amina adamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera kukatenga fomu ija.

“Felister Nabanda Kamzimbi,” adatero Everson. “Ndi mayi anga. Akudziwa zonse.”

Adalitchula dzinalo chilembo ndi chilembo, mokweza, kuti lisalakwike, ndipo adadikira mpaka dokotala atasayina pansi pake.